NJIRA ZA M'KATI MWA WEBUSAITI

Lero tikambirana za njira zimene munthu amatsata pamene ali kuyenda kucokera pa tsamba lina kunka pa tsamba lina m'foni kapena m'kompyuta. Njira zimenezi sizioneka ndi maso, koma pali anthu amene amazilambula. Akazilambula bwino, munthu amafika msanga kumene afuna. Akazilambula mwaulesi, munthu amasocera, amataya nthawi, ndipo nthawi zina amataya ndi ndalama zomwe.

Tiyambe ndi nkhani imene ambiri a inu munaionapo. Ambuya anu acokera ku Katete, atsika basi pa Intercity, m'manja muli kapepala konena kuti mwana wao akhala ku Kanyama, pafupi ndi msika, nyumba ya citseko cobiriwira. Afika pa nyumbayo, aodira, koma wotuluka ndi munthu wacilendo. Munthuyo angathe kuyankha m'njira zitatu. Angathe kunena kuti, "Sindiwadziwa," n'kutseka citseko. Angathe kunena kuti, "Anasamuka caka catha, tsopano akhala ku Chawama kuseri kwa sukulu." Kapena angathe kunena kuti, "Nyumba yao inalowa madzi, ayamba akhala kwa mlongo wao ku George, koma mvula ikatha adzabwerera." Sungani mayankho atatuwa m'mutu, pakuti makompyuta naonso amayankhana cimodzimodzi.

WOFUNSA NDI WOYANKHA

Webusaiti ndi gulu la masamba olumikizana, osungidwa m'kompyuta yaikulu yochedwa seva. Seva imakhala maso usana ndi usiku kudikira ofunsa. M'foni mwanu muli pulogalamu yotsegulira masamba, monga Chrome kapena Firefox. Pulogalamu imeneyi ndiye mthenga wanu. Mukalemba keyala ya tsamba, kapena mukakhudza mau a mtundu wina amene amalozera tsamba lina, mthengayo amathamangira kwa seva nati, "Ndipatseni tsamba lakuti." Seva imayankha, ndipo mthenga amabwera ndi yankholo kudzakuonetsani.

Nzeru yolumikiza masamba motere inayamba ndi Tim Berners-Lee, katswiri wa ku Britain amene anali kugwira nchito ku CERN, malo ofufuzira za sayansi pafupi ndi mzinda wa Geneva ku Switzerland. Iye analemba maganizo ake m'caka ca 1989, ndipo pofika 1991 anthu a kunja kwa CERN anayamba kuona masamba oyamba. Kuno ku Zambia intaneti inafika mokwanira m'caka ca 1994 kupyolera mwa ZAMNET, kampani imene inabadwira pa University of Zambia, sukulu yaikulu ija yoyandikana ndi Kalingalinga. Makeyala a dziko lathu amathera ndi malemba awiri akuti zm.

Mthenga ndi seva amalankhulana potsata malamulo ochedwa HTTP. Lamulo limodzi mwa iwo ndi lakuti yankho lililonse liyambe ndi nambala ya manambala atatu, imene imauza mthenga mmene zinthu zayendera. Manambala oyamba ndi 2 atanthauza kuti zonse zili bwino. Oyamba ndi 3 atanthauza kuti pita kwina. Oyamba ndi 4 atanthauza kuti pempho lili ndi colakwa, ndipo oyamba ndi 5 atanthauza kuti seva yeniyeniyo ndiyo yadwala.

MANAMBALA ANAI OYENERA KUDZIWA

Nambala 200 ndiyo yokondweretsa: tsamba lapezeka, nali. Ambuya apeza mwana wao ali pakhomo.

Nambala 404 ndiyo ya munthu uja wonena kuti, "Sindiwadziwa." Seva yafunafuna, koma pa keyala imeneyo palibe kanthu.

Nambala 301 ndiyo ya kusamukiratu. Seva imati, "Tsamba limeneli linacoka pano ndipo silidzabweranso; keyala yake yatsopano nayi." Keyala yatsopanoyo imalembedwa pa mzere wina wa yankho wochedwa Location, ndipo mthenga amapita komweko yekha, inu osacita kanthu. Kutumiza munthu kwina motere pa Cingelezi amati redirect. Makolo anu adziwa bwino zimenezi. Dziko lathu litalandira ufulu m'caka ca 1964, maina a matauni ena anasinthidwa: Fort Jameson inakhala Chipata, Broken Hill inakhala Kabwe, Abercorn inakhala Mbala, ndipo Fort Rosebery inakhala Mansa. Munthu wofunsa njira ya ku Fort Jameson sanali kuuzidwa kuti kulibe malo otere ai. Anali kulangizidwa njira ya ku Chipata, ndipo kuyambira tsiku limenelo anali kuchula dzina latsopano.

Nambala 302 ndiyo ya kupatuka kwa kanthawi. Ana a ku Kanyama adziwa mmene madzi amadzazira m'misewu nthawi ya dzinja, ndi mmene basi imasiyira njira yake n'kuzungulira kwina. Palibe amene amati njira yakaleyo yafa. Madzi akaphwa, basi imabwerera. Seva ikayankha 302 iteronso: "Lero pita uko, koma mawa udzafunsenso pano."

Kusiyana kwa 301 ndi 302 si kwa masewera. Mthenga akamva 301 amasunga keyala yatsopanoyo, ndipo tsiku lina sadzavutikanso kufunsa pa keyala yakale. Makina ofunafunira masamba, monga Google, naonso amacotsa keyala yakale m'ndandanda zao n'kuikapo yatsopano. Tsono wolemba pulogalamu akaika 301 pa cinthu ca masiku awiri okha, anthu ambiri adzapitirira kunka ku malo akanthawi aja ngakhale nyumba yeniyeni itatsegulidwanso. Cinthu cimeneci n'covuta kucibweza, cifukwa cikumbukirocho cili m'mafoni a eni ake.

YAMBANI MWAJAMBULA NJIRA

Tsopano tiyerekeze kuti ku Mtendere kuli gulu la amai osoka mayunifomu a sukulu, ndipo mwana wa mmodzi wa iwo, amene anaphunzira kulemba mapulogalamu, afuna kuwapangira webusaiti. Padzafunika tsamba loyamba, tsamba loonetsa mayunifomu ndi mitengo yake, tsamba lolowerapo ndi mau acinsinsi, tsamba lolipirira, ndi tsamba la risiti. Kodi mnyamatayu ayambire pati?

Mbiri ya makomboni athu itiphunzitsa kanthu pamenepa. Makomboni ambiri a Lusaka anakula nyumba zitayamba, misewu n'kubwera pambuyo. M'caka ca 1974 boma linakhazikitsa lamulo lovomereza malo otere kuti akonzedwe, ndipo nchito yaikulu inayamba m'malo monga George ndi Chawama ndi thandizo la World Bank. Kuti msewu ndi mipope ya madzi zipite, anthu a m'deralo anayenera kuyenda pamodzi kugwirizana podzera, ndipo mabanja amene nyumba zao zinali pa njira anasamutsidwira ku malo ena apafupi. Inali nchito yabwino, koma yolemetsa. Kulambula msewu nyumba zitamangidwa kale n'kovuta kuposa kuulambula pa thengo.

Cotero wolemba pulogalamu wanzeru amayamba ndi pepala ndi pensulo. Amajambula kabokosi ka tsamba lililonse, ndi mivi yoonetsa kumene munthu angapite akacoka pamenepo. Pa kabokosi kalikonse amadzifunsa mafunso atatu: munthu wafika bwanji pano, apita kuti zikayenda bwino, nanga zikalephereka apita kuti? Akapeza kabokosi kopanda muvi wotulukira, adziwa kuti pamenepo munthu adzatsekeredwa. Akapeza kabokosi kopanda muvi wolowera, adziwa kuti wamanga nyumba imene palibe adzaifike.

NDANDANDA IMODZI YA NJIRA ZONSE

Atajambula, amalemba njira zonse m'ndandanda imodzi, pa malo amodzi m'pulogalamu. Mzere uliwonse wa ndandandayo umanena zinthu zitatu: dzina la njira, keyala yake, ndi cigawo ca pulogalamu cimene cidzayankha munthu akafika. Njira ya mayunifomu ili ndi mzere wake, njira ya kulipira ili ndi wake, njira ya risiti ilinso ndi wake.

N'cifukwa ciani tinena kuti malo amodzi? Taganizani za mphunzitsi wamkulu amene wasintha nthawi yoyambira maphunziro. Ngati nthawiyo yalembedwa pa bolodi limodzi la pa ofesi, afafaniza kamodzi n'kulemba ina. Koma ngati inalembedwa pa zitseko 40, adzaiwala zitseko zina, ndipo ana ena adzafika mocedwa popanda colakwa cao. Wolemba pulogalamu wosasamala amalemba keyala yonse ya tsamba lolipirira pa malo alionse pamene pali batani lonka kumeneko. Tsiku limene keyalayo idzasintha, mabatani ena adzatsala ali kulozera ku bwinja, ndipo makolo ofuna kugula adzalandira 404. Wosamala amachula dzina la njira lokha, lakuti "kulipira", ndipo pulogalamu imakayang'ana keyala m'ndandanda. Akasintha mzere umodzi, mabatani onse alondola.

Ngakhale zili tero, keyala yakale isatayidwe. Anthu ena anaisunga m'mafoni mwao, ena anaitumiza kwa anzao pa WhatsApp, ndipo mwina inasindikizidwa pa mapepala omata pa tuntemba. Cifukwa cake m'ndandanda muikidwe mzere wina wonena kuti wofika pa keyala yakale atumizidwe ku yatsopano ndi 301. Tim Berners-Lee mwini wake analangiza m'caka ca 1998 kuti makeyala abwino ndi amene sasinthasintha.

MLONDA WA PA CIPATA

Masamba ena si a munthu aliyense. Tsamba loonetsa zimene mai wakutiwakuti anagula, ndi nambala ya foni yao, liyenera kuonedwa ndi iwo okha. Conco pamafunika mlonda. Mlondayu ndi kacigawo ka pulogalamu kamene kamaima patsogolo pa masamba onse otetezedwa, n'kufunsa funso limodzi: kodi munthuyu walowa ndi mau ake acinsinsi? Ngati walowa, apite. Ngati sanalowe, atumizidwe ku tsamba lolowerapo.

Pano pali zinthu ziwiri zofunika. Coyamba, mlonda akhale mmodzi pa cipata cimodzi. Tsamba lililonse likamadzilondera lokha, tsiku lina wolemba adzaonjezera tsamba latsopano n'kuiwala kuikapo mlonda, ndipo zinsinsi za anthu zidzakhala pa mbalambanda. Caciwiri, mlonda akumbukire kumene munthu anali kupita. Mai amene anafuna kuona risiti, akatha kulowa, atumizidwe ku risiti komweko. Kuwabwezera ku tsamba loyamba kuli ngati kondakitala amene watsitsa munthu kuti aonetse tikiti, kenaka n'kumubwezera kumene anakwerera.

KULIPIRA KAWIRI

Tsopano mvetserani bwino, pakuti apa ndi pamene ndalama zimatayikira. Mthenga ali ndi mitundu iwiri yaikulu ya mapempho. Pempho lochedwa GET limangoti, "Ndionetseni," ndipo mungathe kulibwereza kakhumi popanda kusintha kanthu. Pempho lochedwa POST limanyamula katundu, monga fomu yodzazidwa kapena lamulo lakuti ndalama zilipidwe. Kubwereza POST ndiko kucitanso cinthuco kaciwiri.

Tinene kuti atate ena a ku Matero agula yunifomu ya mwana wao, akhudza batani lolipirira, ndipo seva yalandira n'kuonetsa mau othokoza pa tsamba lomwelo. Netiweki ili kuvuta, tsamba laoneka theka lokha. Atatewo, posadziwa ngati zatheka, auza foni kuti itsegulenso tsambalo. Foni ingathe kuwacenjeza ndi mau a Cingelezi amene iwo sawasamala, ndipo akavomera, mthenga amatumizanso POST ija. Oda yalembedwa kawiri, ndipo mwina ndalama zapitanso kawiri.

Mankhwala ake ndi apafupi. Seva ikalandira POST n'kumaliza nchito, isaonetse kanthu pomwepo. Iyankhe ndi nambala 303, imene inalowa m'malamulo a HTTP m'caka ca 1997, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti, "Ndalandira, kaone zotsatira pa tsamba ili." Mthenga amapita ku tsamba la risiti ndi GET. Tsopano atate aja angathe kutsegulanso tsambalo mmene angafunire, ndipo adzangoona risiti yomweyo. Wolemba wosamala amaonjezanso nambala yapadera pa oda iliyonse, kuti seva ikaiona kaciwiri iikane.

KUZUNGULIRA NDI KUTALIKITSA NJIRA

Pali colakwa cina coseketsa koma cofala. Mlonda atumiza munthu ku tsamba lolowerapo, koma wolemba anaika tsamba lolowerapolo m'gulu la masamba olonderedwa. Tsono mlonda amutumizanso komweko, n'kumutumizanso, monga mwana wotumidwa kwa amai ake, amai nati pita kwa atate ako, atate nati pita kwa amai ako. Mthenga sazungulira mpaka kalekale. Chrome ndi Firefox zikatumizidwa pafupifupi nthawi 20 motsatizana zimaleka, n'kuonetsa uthenga wakuti tsamba lalephera. Muvi wojambulidwa pa pepala ukadaonetsa vutoli pulogalamu isanalembedwe.

Ngakhale popanda kuzungulira, njira yaitali ndi yoipa. Tsamba loyamba likatumiza ku laciwiri, laciwiri ku lacitatu, lacitatu ku lacinai, mthenga amayenda ulendo wopita ndi kubwera pa sitepe iliyonse. Kwa munthu wa netiweki yamphamvu kucedwa kwake n'kocepa. Koma kwa amene ali pakati pa komboni madzulo, netiweki itadzaza, kudikira kumakula ndipo pa sitepe iliyonse ulendo ungathe kuduka. Munthu wocokera ku Kanyama kunka ku Mtendere amasintha basi m'tauni kamodzi; palibe amene angakonde kusintha kanai. Cotero wolemba ayang'ane ndandanda yake nthawi ndi nthawi, ndipo keyala yakale iliyonse ilozere ku malo omalizira mwacindunji.

CENJERANI NDI OLOZERA NJIRA ABODZA

Tanena kuti mlonda akumbukire kumene munthu anali kupita. Kawirikawiri malowo amalembedwa kumapeto kwa keyala ya tsamba lolowerapo. Apa akuba anapezapo mpata. Wakuba amatenga keyala yeniyeni ya webusaiti yodziwika, n'kulemba kumapeto kwake keyala ya webusaiti yake yabodza, ndipo amatumiza kwa anthu ndi uthenga wakuti mwapambana mphatso. Munthu akaona kuti ciyambi ca keyala n'codziwika, amakhulupirira. Akakhudza, webusaiti yeniyeni ija imamutumiza yokha kwa wakuba, kumene amapemphedwa nambala yacinsinsi ya ndalama za m'foni. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Udindo woyamba ndi wa wolemba pulogalamu. Asanatumize munthu kulikonse, pulogalamu iyambe yaona ngati malowo ali m'ndandanda yake ya njira. Ngati mulibe, munthuyo apititsidwe ku tsamba loyamba basi. Udindo waciwiri ndi wanu. Tsamba likatseguka, yang'ananinso keyala pamwamba, cifukwa kumene mwafika kungasiyane ndi kumene munanyamukira. Keyala yoyamba ndi https itanthauza kuti uthenga wanu watsekedwa pa njira kuti ena asauwerenge, koma sitanthauza kuti mwini tsambalo ndi wokhulupirika. Musalembe nambala yacinsinsi ya makolo anu pa tsamba lililonse, ndipo mukakayika funsani aphunzitsi kapena wamkulu wa pakhomo. Safunsa anadya phula. M'dziko lathu bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti ndi ZICTA, ndipo limacenjeza anthu kawirikawiri za mauthenga acinyengo otere.

ULEMU KWA WOSOCERA

Ngakhale njira zikonzedwe bwino cotani, wina adzalakwitsa lemba limodzi n'kufika pa keyala yopanda kanthu. Yankho loona pamenepo ndi 404, ndipo seva isaname kuti zonse zili bwino. Koma tsamba la 404 lisangotseka citseko. Linene m'mau omveka kuti cimene munthu afuna sicinapezeke, ndipo limuonetse njira yobwerera ku tsamba loyamba ndi ya masamba ofunidwa kawirikawiri. Kwathu mlendo wosocera timamuperekeza mpaka pa mphambano. Batani lobwerera m'mbuyo nalonso lizigwira nchito: munthu akalikhudza abwerere kumene anacokera, asakankhidwirenso kutsogolo.

KWA APHUNZITSI

Phunziro ili silifuna kompyuta. Tulukani ndi ana pabwalo, ndipo jambulani pansi mabokosi asanu: Poyambira, Mayunifomu, Polowera, Polipirira ndi Risiti. M'bokosi lililonse muime mwana mmodzi wokhala ndi makadi olembedwa 200, 301, 302, 303 ndi 404. Mwana wina akhale mthenga, wina wogula, wina mlonda woima patsogolo pa Polipirira ndi Risiti. Wogula atume mthenga, ndipo mthenga amvere khadi lililonse limene waonetsedwa. Kenaka sunthani bokosi la Mayunifomu osasiyapo wolozera, kuti ana aone cimene cidzacitika. Pomaliza uzani ana awiri kuti azitumizirana mthenga, ndipo kalasi liwerenge mokweza mpaka 20.

Mukabwerera m'kalasi, afunseni mafunso awa:

1. Kodi 301 isiyana bwanji ndi 302? Perekani citsanzo ca m'komboni mwanu.
2. N'cifukwa ciani njira zonse ziyenera kulembedwa m'ndandanda imodzi?
3. Kodi 303 imateteza bwanji munthu amene walipira?
4. Mwafika pa tsamba lopempha nambala yacinsinsi ya amai anu. Mudzacita ciani?

Ana okulirapo ajambule m'mabuku mwao webusaiti ya sukulu yao ya masamba asanu ndi limodzi, ndi mivi yake yonse, ndipo asinthane mabuku kuti aliyense afunefune kabokosi kopanda potulukira m'cithunzi ca mnzake. Ena mwa ana amenewa adzalemba mapulogalamu enieni m'tsogolo, monga acitira anyamata ndi atsikana ophunzira pa malo onga BongoHive, amene anatsegulidwa mu Lusaka m'caka ca 2011. Cizolowezi cojambula njira asanamange ciyambe tsopano.